Mwana akamaliza koleji ku Canada, kodi mapepala okhazikika amabwera okha?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Iwo akuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 23 ali ku Canada, m'chigawo cha Ontario, komwe akumaliza dipuloma ya zaka ziwiri ya za bizinesi. Kuti apite tinagulitsa ng'ombe zinayi ndi kachewere wa nyengo ziwiri. Tsopano kwabwera mkulu wina wa mu mzinda, akuti ali ndi anzake kumeneko, ndipo tikamupatsa ndalama amupezera mwanayu kalata ya ntchito yoti apatsidwe PR, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, asabwererenso kuno. Ndalama akutchulazo n'zoti ndigulitse dimba la kudambo. Kodi mwana akamaliza sukulu samangopatsidwa chilolezo chokhala konko? Nanga dimbali ndigulitse?"

Bambo, dimba musagulitse. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mutatopa ndi kuwerenga musanafike kumapeto, awa okha mukhale mutawamva. Ine kwathu ndi ku Bembeke, ndipo ndikudziwa kuti dimba la kudambo ndi limene limadyetsa banja m'miyezi imene kumunda kulibe kanthu. Chimene mkuluyo akufuna kukugulitsani ndichifotokoza bwino kutsogoloku, koma tiyambe tamvana kaye za mapepalawo.

Inu a ku Lizulu munazolowera malire osavuta. Mukaima pamsewu wa M1, mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique, ndipo munthu amaoloka kukagula nyemba n'kubwerako wopanda womufunsa kanthu. Ku Canada munthu amakhala m'dzikomo molingana ndi pepala limene ali nalo, ndipo pepala lililonse lili ndi tsiku lake lothera. Mwana wanu panopa ali ndi chilolezo cha sukulu. Chimenechi n'chofanana ndi kontirakiti imene agogo athu ankapita nayo ku Theba: ntchito imene unabwerera ikatha, nawenso nthawi yako yatha. Lamulo lake limati chilolezo cha sukulu chimasiya kugwira ntchito pakapita masiku 90 chimalizireni maphunziro, ngakhale tsiku lolembedwa papepalapo litakhala kutali. Satifiketi ya dipuloma payokha siipatsa munthu ufulu wokhazikika. Imangomutsegulira khomo lachiwiri, ndipo khomo lachitatu, la PR, amalitsegula ndi ntchito yake, mayeso a chilankhulo ndi zaka zake.

Khomo lachiwirilo ndi chilolezo cha ntchito cha omaliza maphunziro, chimene kumeneko amangochitchula kuti PGWP. Wophunzira zaka ziwiri kapena kuposerapo angapatsidwe cha zaka zitatu. Ubwino wake ndi woti sichimangirira munthu kwa bwana mmodzi, akhoza kusiya apa n'kukalowa pena. Koma chimaperekedwa kamodzi kokha m'moyo wa munthu, ndipo ayenera kuchipempha pasanathe masiku 180 kuchokera tsiku limene koleji yamupatsa kalata yoti wamaliza. Ine ndimalangiza kuti apemphe sabata lomwelo kalatayo yatuluka, chilolezo cha sukulu chidakali chamoyo, chifukwa akatero amaloledwa kuyamba kugwira ntchito tsiku lonse akudikira yankho. Mtengo wake wa boma ndi madola 255 a ku Canada, ndipo amalemba yekha pa intaneti.

Pali misampha itatu imene ana athu amakodwamo pamenepa. Woyamba ndi wa chilankhulo. Kuyambira pa 1 Novembala 2024, aliyense wopempha PGWP ayenera kuonetsa zotsatira za mayeso a Chingerezi kapena Chifalansa. Wa dipuloma ya koleji amafunika mlingo umene amautcha CLB 5, wa digiri CLB 7. Ana ambiri a ku Malawi amanyozera, amati ife tinaphunzira m'Chingerezi chiyambire Sitandade 5, mayeso a chiyaninso. Boma la Canada silifunsa za MSCE, likufuna pepala la IELTS General Training, CELPIP kapena PTE Core, losapitirira zaka ziwiri. Wachiwiri ndi wa mtundu wa maphunziro. Amene anapempha chilolezo cha sukulu kuyambira tsiku lomwelo la 1 Novembala 2024 n'kumachita dipuloma, amapatsidwa PGWP pokhapokha maphunziro awo ali pa mndandanda wa ntchito zosowa anthu, monga zachipatala, zaulimi ndi zaumisiri. Maphunziro ambiri a bizinesi palibepo. Ngati mwana wanu anapempha chilolezo chake tsikuli lisanafike, lamuloli silimukhudza. Mufunseni tsiku lenileni, osati mwezi wongoganizira.

Msampha wachitatu ndi umene umandipweteka kwambiri chifukwa ndi wopeweka: pasipoti. Canada siipereka chilolezo cha ntchito chopitirira tsiku limene pasipoti ya munthu ikuthera. Ngati pasipoti yake yatsala ndi chaka chimodzi, amupatsa chaka chimodzi, ndiye ayambe kuthamangathamanga kuti amubwezere zaka zotsalazo pasipoti yatsopano ikatuluka. Munthu ali kunja, kukonzetsa pasipoti ya Malawi kumatenga nthawi. Aitsegule lero, aone tsamba la chithunzi.

Tiyerekeze kuti PGWP yatuluka, zaka zitatu zili m'manja. Apa m'pamene nkhani yeniyeni ikuyambira, ndipo apa m'pamene makolo ambiri amapusitsidwa ndi ndalama zimene mwana wayamba kutumiza. Mwana akugwira ntchito ziwiri, akutumiza ya feteleza, ya malata, ya fizi ya ang'ono ake, ndipo kumudzi aliyense akuti zinthu zikuyenda. Koma si ntchito iliyonse imene imawerengedwa. Canada inagawa ntchito zonse m'magulu asanu ndi limodzi, kuyambira TEER 0 mpaka TEER 5. Njira yaikulu ya omaliza sukulu, yotchedwa Canadian Experience Class, imafuna chaka chimodzi cha ntchito ya m'magulu 0, 1, 2 kapena 3, ndiye kuti maola 1,560, m'zaka zitatu zapitazo. Wolandira ndalama patilu m'sitolo, wokolopa, wogawa chakudya pakauntala, onsewa ali m'gulu 5, ndipo angagwire zaka zitatu zathunthu osapeza tsiku ngakhale limodzi lowerengedwa. Wosunga mabuku a ndalama pakampani, mlembi wa mu ofesi, wophika, kapitawo woyang'anira anzake m'lesitanti, wothandiza anamwino, awa amawerengedwa. Ganyu imene ankagwira ali pasukulu siiwerengedwa m'pang'ono pomwe, ngakhale inali ya mu ofesi.

N'chifukwa chake ndikupemphani chinthu chovuta, bambo. Chaka choyamba musamupanikize mwanayu ndi zopempha za kumudzi. Mwana woopa kukhumudwitsa makolo amagwira ntchito imene yapezeka msanga, yolipira sabata lomwelo, n'kusiya kufunafuna ija imene ikanamupatsa mapepala. Ndawaona ana otere akudzidzimuka chilolezo chitatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Ndiye pali mapointi. Kukwanitsa chaka cha ntchito kumangomulowetsa mumpikisano wotchedwa Express Entry, umene unayamba mu Januwale 2015. Aliyense amapatsidwa mapointi, okwera kwambiri ndi 1,200, ndipo boma limaitana okhawo amene ali pamwamba, ngati mmene amasankhira ana opita ku sekondale ya boma. Ndakhala pansi n'kumuwerengera mwana wanu. Zaka zake zili pakati pa 20 ndi 29, ndipo ngati sali pabanja zimupatsa 110, omwe ndi okwera kwambiri pa zaka. Dipuloma ya zaka ziwiri 98. Chaka chimodzi cha ntchito ku Canada 40. Kuphunzira ku Canada komweko 15. Chingerezi akakhoza pa CLB 9, ndiye kuti 8 pa kumvetsera ndi 7 pa zina zitatuzo mu IELTS, apeza 124. Kuphatikiza maphunziro ndi chilankhulo ndi ntchito kumuonjezera 38. Zonse pamodzi 425. Akangokhoza pa CLB 7 atsika kufika 357. Pamene mu 2024 ndi 2025 oitanidwa kudzera njira imeneyi ankafunika mapointi opitirira 500. Mukuona nokha kuti ngakhale atachita zonse bwino, padakali phompho. Ataonjezera chaka chachiwiri cha ntchito afika 450, osakwanabe.

Sindikunena izi kuti mutaye mtima, koma kuti mudziwe kuti mpikisano wakula. Mu Januwale 2024 Canada inaika malire pa chiwerengero cha ophunzira ochokera kunja, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inatsitsa chiwerengero cha olandira PR kuchoka pa 500,000 amene inakonza poyamba kufika pa 395,000 m'chaka cha 2025. Amene anapita kale n'kupeza mapepala mosavuta sakunama akamakuuzani kuti zinali zophweka. Anaoloka mtsinje usanadzaze.

Tsopano tibwere kwa mkulu wanu uja. Kale kalata ya ntchito yovomerezedwa ndi boma inkaonjezera mapointi 50, ina mpaka 200, ndipo panabuka msika wa chinyengo, mabwana ena n'kumagulitsa makalatawo kwa ana a anthu. Boma la Canada litaona zimenezi linachotseratu mapointi a kalata ya ntchito mu Express Entry pa 25 Malichi 2025. Ndiye kuti ngakhale kalata ya mkuluyo itakhala yeniyeni, pa mpikisano umenewu siionjezera pointi ngakhale imodzi. Ikakhala yabodza, mlandu sugwera iye ali phee ku Malawi kuno, ugwera mwana wanu amene wasaina fomu. Wopezeka atapereka pepala labodza amaletsedwa kulowa Canada zaka zisanu, ndipo ngakhale PR itatuluka kale akhoza kumulanda. Mu 2023 ophunzira ambiri ochokera ku India anatsala pang'ono kuthamangitsidwa chifukwa cha makalata abodza a sukulu amene anawakonzera ndi madobadoba a kwawo, ena mwa iwo asakudziwa n'komwe. Lamulo la Canada limalola anthu owerengeka okha kulandira malipiro pothandiza munthu za mapepalawa: maloya a kumeneko, ndi alangizi olembetsedwa ku bungwe la College of Immigration and Citizenship Consultants. Bungweli lili ndi kaundula pa intaneti woti aliyense angaone. Mufunseni mkuluyo dzina lonse ndi nambala ya laisensi ya "mnzakeyo", mwana wanu akaifufuze. Mukamva wayamba zoti izi n'zachinsinsi, zimayenda ndi kudziwana, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga njira zenizeni zodumphira phompho lija ndi ziti? Yamphamvu kuposa zonse ndi kusankhidwa ndi chigawo. Zigawo za Canada zili ndi mphamvu yosankha anthu amene zikuwafuna, ndipo wosankhidwa kudzera mu Express Entry amaonjezeredwa mapointi 600 nthawi imodzi, kotero kuti 425 uja amasanduka 1,025. Vuto n'loti Ontario ndi kumene kunadzaza ophunzira ambiri ochokera kunja, onse akulimbirana malo omwewo. Ana athu amakonda Toronto chifukwa kuli anzawo, kuli tchalitchi cha anthu akwathu, kumapezeka ufa wa nsima. Koma PGWP imamulola kugwira ntchito m'chigawo chilichonse. Zigawo zinayi za kunyanja ya Atlantic, zomwe ndi Nova Scotia, New Brunswick, Prince Edward Island ndi Newfoundland and Labrador, zili ndi njira yawoyawo yotchedwa Atlantic Immigration Program, imene imalandira ngakhale ntchito za m'gulu 4, bola bwanayo akhale wovomerezedwa ndi chigawocho ndipo munthuyo akhale atagwirapo ntchito chaka chimodzi. Palinso ndondomeko ya matauni ang'onoang'ono akumidzi imene inayamba mu 2025. Kumeneko kumazizira koposa Dedza mu Juni, ndipo kumasungulutsa, koma mzere wake ndi waufupi. Malamulo a zigawo amasinthasintha, choncho aziwerenga pa tsamba la boma la chigawocho asanasamuke, osati kudalira zomva pagulu la WhatsApp.

Njira ina ndi mtundu wa ntchito. Kuyambira 2023 boma limaitananso anthu potengera luso lawo, makamaka a zachipatala ndi amisiri monga akalipentala ndi okonza mapaipi, ndipo mapointi ofunika m'magulu amenewa nthawi zambiri amatsikirapo. Koma imene ana a ku Malawi amainyalanyaza ndi Chifalansa. Wokhoza Chifalansa pa mlingo 7 amaonjezeredwa mapointi mpaka 50, ndipo amalowa m'gulu lapadera limene oitanidwa ake akhala akutengedwa ndi mapointi otsika kwambiri kuposa a gulu lalikulu lija. Wina anganene kuti chilankhulo chatsopano pa msinkhu umenewu n'chosatheka. Ine ndimayang'ana anyamata a pamsika wa Lizulu ndi Tsangano amene amatsatsa malonda m'Chipwitikizi chimene sanaphunzire m'kalasi. Mtsikana wa zaka 23 amene ali ndi zaka zitatu kutsogolo, akayamba mwezi uno n'kumaphunzira tsiku lililonse, akhoza kufika. Ngati pali ndalama imene mukufuna kuika pa mapepala a mwanayu, iikeni pamenepo ndi pa kubwereza IELTS mpaka afike CLB 9.

Pali njira ziwiri zimene anzake adzamunong'oneza nthawi ikamatha. Ina ndi ukwati. Ukwati weniweni ndi nzika ya Canada kapena munthu wa PR ndi njira yovomerezeka, ndipo zikachitika mwa chikondi, ankhoswe adziwe, tivine. Koma ukwati wogula ndi chinyengo chomwe chija cha zaka zisanu, ndipo umamuika mwana wamkazi m'manja mwa mwamuna amene akudziwa kuti mkaziyo sangathe kukadandaula kulikonse. Inayo ndi kudzitchula wothawa kwawo, kupeka nkhani yoti ku Malawi akufuna kumupha. Nkhani yopeka ikakanidwa amalamulidwa kuchoka, ndipo mbiriyo imamutsata akamapempha viza ya maiko ena. Ngakhale itavomerezedwa, wadzitsekera yekha njira ya ku Lizulu, chifukwa wothawa kwawo akabwerera kudziko limene anati akulithawa akhoza kulandidwa mapepala.

Poti ena owerenga ali ndi ana m'maiko ena, ndingodutsamo mwachangu, chifukwa mfundo yake ndi imodzimodzi. Ku UK omaliza digiri amapatsidwa Graduate visa ya zaka ziwiri, imene itsike kufika miyezi 18 kwa opempha kuyambira Januwale 2027, koma nthawi imeneyi siiwerengedwa pa zaka zopezera chilolezo chokhazikika. Munthu ayenera kupeza bwana womutenga pa Skilled Worker visa, imene malipiro ake ofunika anakwera kufika mapaundi 41,700 pachaka mu Julayi 2025, ngakhale ongomaliza kumene sukulu amawachepetserako. Ku America wophunzira amagwira ntchito miyezi 12 pa chilolezo cha omaliza maphunziro chotchedwa OPT, wa sayansi ndi zaumisiri amaonjezeredwa miyezi 24, kenako amadikira maere a viza ya ntchito ya H-1B amene malo ake ndi 85,000 pachaka kwa dziko lonse lapansi. Ku Germany amapereka miyezi 18 yofunira ntchito, ndipo wophunzira konko akagwira ntchito ya maphunziro ake zaka ziwiri, akulankhula Chijeremani, akhoza kupempha chokhazikika. Ku Joni, amene wakhala zaka zisanu pa chilolezo cha ntchito ndiye angapemphe. Ndipo amene anapita ku UK pa thandizo la maphunziro la Chevening anasaina kuti adzabwerera kwawo zaka ziwiri akamaliza, ameneyo nkhani ya kukhazikika aiike kaye pambali.

Tibwerere kwa mwana wanu. Akadzaitanidwa, amapatsidwa masiku 60 okha kuti apereke mapepala onse. Limodzi mwa iwo ndi kalata ya polisi ya ku Malawi yosonyeza kuti alibe mlandu, poti anakhala kuno atakwanitsa zaka 18. Apa m'pamene inu mungathandize zenizeni, kuyenda ulendo wa ku Lilongwe kukalondola kalatayo. Afunikanso kupimidwa ndi dokotala wovomerezedwa ndi Canada, ndi makalata a mabwana ake ofotokoza ntchito imene ankagwira, maola ndi malipiro. Asunge kapepala ka malipiro kalikonse. Ndalama ya boma ya PR mu 2024 inali madola 1,525 a ku Canada, yoti munthu wa pantchito angasunge yekha popanda kugulitsa ngakhale mbuzi.

PR si unzika. Adzakhalabe Mmalawi, ndi pasipoti yake ya Malawi. Adzagwira ntchito kulikonse, adzalipira fizi ya eni dziko akafuna kuonjezera sukulu, koma sadzavota. Lamulo limangofuna kuti m'zaka zisanu zilizonse akhale ku Canada masiku 730, ndiye kuti akhoza kubwera ku Umhlangano, kudzaona mayi ake akadwala, ngakhale kukhala kuno chaka chathunthu. Akadzafuna unzika pambuyo pa masiku 1,095, sadzataya kwawo, poti Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo mu 2018 kuti munthu azitha kukhala nzika ya maiko awiri.

Ndikuuzeninso chimene ambiri safuna kumva. N'zotheka kuti achite zonse bwino, zaka zitatu zithe, osaitanidwa. Zikadzatero, abwere kumudzi tsiku la chilolezo lisanakwane. Mukudziwa bwino mawu oti mtchona, chifukwa ku Ntcheu kulibe mudzi umene ulibe wake. Mtchona wa masiku ano ndi mwana amene mapepala anamuthera ali kunja, amagwira ntchito mobisala, sangapite kuchipatala momasuka, ndipo bambo ake akamwalira amaonera maliro pafoni chifukwa akatuluka sadzalowanso. Wobwerera mwaulemu sataya kanthu. Chaka chake cha ntchito ya ku Canada chimawerengedwabe mpaka zaka zitatu, akhoza kukhalabe mu Express Entry ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo ntchito yaluso imene angagwire kuno imamuonjezera mapointi ena mpaka 50. Pa tsiku limenelo adzafunika pofikira, ndipo dimba lija lidzakhala likumudikira.

Madzulo ano mukamuimbira, mufunseni zinthu izi ndipo muzilembe m'kope: tsiku limene anapempha chilolezo cha sukulu, tsiku limene pasipoti yake ikuthera, ngati koleji yake ili pa mndandanda wa boma wa masukulu opereka PGWP, ngati panali temu imene anasiya kapena kuchepetsa maphunziro, ndi tsiku limene walembetsa mayeso a IELTS. Ngati la mayesolo alibe, ndalama ya matumba angapo a kachewere wa chaka chino ipite kumeneko.